Kusakaniza inki za fountain pen si mlandu

Pakati pa anthu okonda kulemba ndi fountain pen, cholembera chothiramo inki yamadzi, pali lamulo limene limabwerezedwa kawirikawiri, lakuti inki ziwiri zosiyana sizisakanizidwa. Ine ndikuona kuti lamuloli analikuza mopitirira muyezo, ndipo lamana anthu ambiri chinthu chokondweretsa chimene chilibe vuto ngati munthu akudziwa inki imene ali nayo m'manja. Sindikunena kuti mantha awo alibe maziko. Cholembera cha mtundu umenewu chimakoka inki kudzera m'timinjira topyapyala kwambiri timene tili pansi pa nibu (kansonga kachitsulo kolembera), moti kambulu kakang'ono kalikonse kakalowa m'menemo inki imasiya kutsika. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti ndi inki ziti zimene zimapanga timibulu zikakumana, chifukwa si zonse.

Inki zambiri za fountain pen ndi madzi amene asungunulamo utoto, n'kuwonjezeramo mankhwala pang'ono: ena othandiza kuti inki iziyenda bwino, ena oichedwetsa kuuma pa nibu, ndi ena oletsa chuku. Inki zoterezi, makamaka zochokera kwa wopanga mmodzi, nthawi zambiri zimagwirizana popanda chovuta. Zimene zimafuna kusamala ndi zina. Pali inki za pigment, monga Platinum Carbon Black ndi Sailor Kiwa-guro, zimene mtundu wake si wosungunuka koma ndi fumbi losalala kwambiri loyandama m'madzi, ndipo likasokonezedwa limaundana n'kudikha pansi. Palinso inki za iron gall, monga Salix ya Rohrer & Klingner ndi Registrar's ya Diamine, zopangidwa ndi mchere wa chitsulo pamodzi ndi asidi wa mtundu wopezeka m'timatuza tomera pa mitengo ya oak. Anthu a ku Ulaya analemba nazo kwa zaka mazana ambiri, ndipo zimada pang'onopang'ono pa pepala zikakhudzana ndi mpweya. Asidi wake ndi amene amasunga chitsulocho chosungunuka m'botolo, choncho mukathiramo inki imene ikuchepetsa mphamvu ya asidiyo, zolimba zimayamba kutuluka. Inki zimenezi ine sindizisakaniza ndi china chilichonse, ndipo pamenepa ndikugwirizana kwathunthu ndi oletsa aja.

Nkhani ya asidiyi imakhudzanso inki wamba. Zambiri za ku Japan, monga Iroshizuku ya Pilot, zimapendekera ku alkaline, mbali yotsutsana ndi asidi, pamene zambiri za ku Ulaya zili ndi asidi, ndipo utoto wina umene umasungunuka bwino mbali imodzi umalephera kutero mbali inayo. Baystate Blue ya Noodler's ndi yodziwika bwino pa zimenezi, moti imaloledwa kusakanizidwa ndi inzake za Baystate zokha. Koma India ink, inki yakuda yojambulira imene nthawi zambiri imakhala ndi utomoni wotchedwa shellac, siyenera kulowa m'fountain pen n'komwe, kaya yokha kaya yosakaniza.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti opanga inki eni ake sauona mchitidwewu ngati wolakwika. Kampani ya Platinum inatulutsa inki za mitundu 9 zotchedwa Mix Free zopangidwira kusakaniza, ndipo inki za Document za De Atramentis nazonso zimasakanizika zokhazokha ngakhale kuti ndi za pigment. Ku kampani ya Sailor, katswiri wina dzina lake Osamu Ishimaru anayamba mu 2005 kukumana ndi anthu n'kuwasakanizira mtundu umene iwo amufotokozera, ndipo ku Tokyo sitolo ya Kakimori ili ndi malo otchedwa Inkstand kumene wogula amadonthetsa yekha madontho mpaka atapeza mtundu wake. Ngati eni ntchito akuchita zimenezi poyera, kuuza munthu woyamba kumene kuti asayerekeze n'komwe ndi kumuopseza chabe m'malo momuphunzitsa.

Chokhumudwitsa chimene ambiri amakumana nacho si cholembera chotsekeka, koma mtundu wonyansa. Munthu amathira yofiira mu yobiriwira akuyembekezera chinthu chowala, koma chotuluka chimakhala ngati matope. Chifukwa chake n'chakuti utoto uliwonse umameza gawo lina la kuwala, choncho mitundu ikachuluka m'kabotolo kamodzi, kuwala kobwerera m'maso kumachepa ndipo chotsatira chake chimakhala chotuwa kapena chofiirira. Vuto limakula chifukwa inki imene ikuoneka ngati ya mtundu umodzi nthawi zambiri imakhala kale ndi utoto wamitundu ingapo. Aliyense angathe kuona zimenezi ndi maso ake. Dulani kachidutswa ka pepala lomwa madzi, donthezani inki pafupi ndi nsonga yake, kenaka viikani nsongayo m'madzi osalola kuti dontho limire. Madzi akamakwera amanyamula utoto uliwonse pa liwiro lake, ndipo pakapita mphindi zochepa dontho lija limatambasuka n'kukhala mizere: inki imene munkaiyesa yakuda ingasiye buluu m'mwamba, pepo pakati ndi chikasu chozilala m'mphepete. Ndikaona mizere yambiri chonchi ndimadziwa kuti inkiyo ndi yomaliza kale, ndipo kuiwonjezera china kungoidetsa. Zoyambira zabwino ndi zimene zimasiya mzere umodzi woyera, makamaka buluu wowala wopendekera ku zobiriwira, pinki wakuya ndi chikasu, mitundu itatu yomweyo imene makina osindikizira amagwiritsa ntchito pamodzi ndi wakuda.

Posakaniza, inki yowala ndiyo iyenera kuyamba kulowa, ndipo yakuda izibwera dontho limodzilimodzi, chifukwa dontho limodzi la buluu limasintha madontho 10 a chikasu, pamene kubweza mtundu umene wada kale kumatha inki yambiri. Mtundu wa m'botolo usakunamizeni. Inki imaoneka yakuda kwambiri ikakhala yambiri pamodzi, choncho chiweruzo chenicheni chili pa pepala, mzere utauma, ndiponso ndi nibu imene mudzalembere, pakuti nibu yaikulu imatulutsa mtundu wakuya kuposa yaing'ono.

Pamene ndimasiyana kwambiri ndi anthu opupuluma ndi pa malo osakanizira ndiponso pa nthawi. Kusakaniza kuchitikire m'kabotolo koyera, ndi sirinji yotsuka bwino, pa mlingo wa mamililita 2 kapena 3 okha, osati m'kati mwa cholembera, ndipo chosakanizacho chisabwezedwe m'botolo lalikulu. Kenaka kabotoloko katsekedwe n'kusiyidwa kwa maola osachepera 24, ngakhale kuti ine ndimakonda masiku angapo, chifukwa inki zina sizionetsa kusagwirizana kwake nthawi yomweyo. Nthawiyo ikakwana, kwezani kabotoloko poyang'anizana ndi kuwala, kapendekeni pang'onopang'ono, ndipo yang'anani pansi pake ndi m'mbali mwake. Inki yabwino imatsetsereka n'kusiya galasi loyera, koma yolakwika imasiya timadontho tolimba kapena imananda. Ikapambana mayeso amenewa iyambe yalowa m'cholembera chotsika mtengo chosavuta kutsuka, monga Platinum Preppy, isanafike ku chimene mumachikonda. Ndipo kuchuluka kwa madontho kulembedwe pomwepo pamodzi ndi mayina a inkizo ndi mzere woyeserera pambali, chifukwa mtundu wokongola umene sunalembedwe subwereranso chimodzimodzi.

Ena amawalitsa inki pothiramo madzi a distilled, ochotsedwa mchere ndi zina zonse, ndipo zimatheka, koma madziwo amasukulutsanso mankhwala oletsa chuku, choncho inki yotere isapangidwe yambiri yoti ikhale miyezi. Chimodzimodzinso ndi kulimba kwa zolembedwa: inki yosafufutika ndi madzi ikasakanizidwa ndi yofufutika, gawo lina la mtundu limakokoloka pepala likanyowa. Pa chifukwa chimenechi inki yosakaniza ndekha ndimalembera makalata, zojambula ndi zolemba za tsiku ndi tsiku, koma posayina zikalata zofunika kusungidwa zaka zambiri ndimagwiritsa ntchito inki yosafufutika monga momwe inachokera kwa wopanga.