Njati zikufa ndi ludzu pakati pa mitsinje iwiri

Usiku wathawu ndinachedwa kugona, ndimaonera mavidiyo a ku Chibayish, dera la madambo kum'mwera kwa Iraq. Abale inu! Dziko lija tinkaloweza kusukulu kuti ulimi wothirira unakulira kumeneko, pakati pa mitsinje ya Tigris ndi Euphrates, lero mabwato angoti ndundundu pa dothi long'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe. Amene munaona nyanja ya Chilwa itauma mu 2018 mukudziwa mmene zimaonekera.

Anthu a m'madambo amenewa amadalira bango, nsomba ndi njati zoweta. Nyumba zawo zachikhalidwe ndi za bango lokhalokha, ngakhale chinyumba cholandiriramo alendo chomwe amachitcha mudhif, chopanda ndi msomali umodzi womwe. Koma ine chandigwira mtima ndi njatizo. Njati siipirira dzuwa ngati ng'ombe, imafuna kudziviika m'madzi masana onse, mphuno zokha zili pamtunda. Tsono madzi akaphwera, mchere umachuluka m'otsalawo. Ikamwa imadwala, nthiti zimayamba kuwerengeka, mkaka umauma. Mwini wake amayamba kugula madzi a m'matanki kuti amwetse ziweto, amagulitsa njati imodzi kuti adyetse zinzake, kenako ina, mpaka khola gwa. Mapeto ake ndi kukasaka ganyu m'mphepete mwa mzinda wa Basra kapena Nasiriyah, munthu amene dzulo lomweli anali mwini chuma.

Kusintha kwa nyengo kulipodi, sindikukana. Kumeneko kutentha kumapitirira madigiri 50, ndipo mu July 2016 ku Basra kunatsala pang'ono kufika 54. Mvula yakhala ikuvuta zaka zotsatizana kuyambira 2020, moti nyanja ya Sawa inaumiratu mu 2022.

Koma maganizo anga ndi akuti nyengo yasanduka pobisalira akuluakulu. Mitsinje iwiri yonseyi imachokera ku Turkey, komwe anamanga damu la Ataturk pa Euphrates, ndipo la Ilisu pa Tigris linayamba kudzazidwa mu 2019. Nalo dziko la Iran lapatutsa madzi a mitsinje ngati Karun. Madzi abwino akachepa mu Shatt al-Arab, mtsinje umene umapangidwa Tigris ndi Euphrates ikakumana, a mchere a kunyanja amakwera chobwerera, n'kumapsereza mitengo ya kanjedza. Mu 2018 anthu oposa 100,000 ku Basra anathamangira nawo kuchipatala chifukwa cha madzi oipa. Basra yomweyo imene imatulutsa mafuta ambiri a dzikolo! Zimenezi tinamizirenso dzuwa?

Nanga chilango chimagwera ndani? Mlimi. Mu 2018 boma linaletsa kudzala mpunga ndi chimanga, ndipo mu 2021 linadula ndi theka malo othirira mbewu za dzinja ngati tirigu. Alimi a mpunga wonunkhira wa anbar ku Najaf anangogwira pakamwa. N'zoona kuti kuthirira kwawo kosefukiza munda wonse kumamwaza madzi, apo ndikuvomera. Koma mipope yodontheza madzi pa tsinde imafuna ndalama, ndipo ngalande zodontha zosawaka simenti si mlimi angazikonze ndi khasu lake.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti anthu amenewa anaonapo kale zakuda. Pambuyo pa kuukira boma kwa 1991, mtsogoleri wa Iraq pa nthawiyo, Saddam Hussein, anaumitsa dala madambowa pofuna kuwakhaulitsa, mpaka kunatsala kachigawo kochepa chabe. Mu 2003 eni ake anagumula okha zipupa zotchinga madzi, madzi n'kubwerera, bango n'kuphukanso, mabanja n'kubwerera kwawo. Mu 2016 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Nthawi imeneyo chipupa chinali pafupi, amachiona ndi maso, amachifikira ndi fosholo. Cha lero chili kutali ku mapiri a dziko la eni, ndipo woweta njati wa ku Chibayish alibe ndi pasipoti yomwe.