Mchere si feteleza, siyani kupha nthochi

Koma anthu inu mwatani kodi? Dzulo ndadutsa pa dimba la alamu anga kuno ku Thekerani ndawapeza akuthira mchere, mchere weniweni wamibulu uja wothira m'ndiwo, akuzunguliza phando lililonse la nthochi ndi manja awo. Ndikuwafunsa alamu mukutani apa, ati pa gulu lathu la WhatsApp wina wanena kuti sodium wa mumchere amagwira ntchito ya potashi, ndiye poti feteleza wadula bola mchere. Mtima wanga unawawa ndipo mpaka pano sunatsike.

Mchere si feteleza abale anga. Nthochi imafuna potashi, ndipo pa zakudya zonse za m'nthaka chomwe imadya kwambiri ndi chimenechi, ndi amene amanenepetsa mkoko kuti ukapite ku msika uli wolemera. Ikamusowa mumaona nokha, masamba akale amachita chikasu kuyambira kunsonga kenako kupindika n'kuuma, mkoko kutuluka waung'ono nthochi zake zowonda. Ndiye mbewu yanjala chonchi inu mukuipatsa mchere? Inde ziliko mbewu zina ngati beetroot zomwe zimalandirako sodium pang'ono m'malo mwa potashi, koma nthochi siili m'gulu limenelo, nthochi imadana ndi mchere. Masamba amapsa m'mbalimbali, mizu imalephera kukoka madzi ngakhale pansi pali ponyowa, dothi lenilenilo limagwirana gwaa madzi osalowa. Pitani ku Chikwawa mukaone malo aja dothi limayera mchere pamwamba, mudzandiuze ngati mwapezapo nthochi yosangalala. Ife Mulungu anatipatsa dothi labwino ndi mvula yambiri ndiye tizikagula mchere ndi ndalama zathu kudzaononga tokha?

Safunsa anadya phula. Alangizi alipo, ku Bvumbwe kuli malo a kafukufuku wa zaulimi m'boma lathu lomwe lino, koma munthu kukhulupirira voice note ya munthu amene sanadzalepo ngakhale phando limodzi. Kuti feteleza wa potashi wotchedwa MOP amaoneka ngati mchere wofiirira sizikutanthauza kuti ndi chinthu chimodzi ayi, m'thumba lija muli potashi 60 pa 100 aliyense, mumchere wa kukhitchini mulibe. Ndipo enanu mumathira feteleza wa 23:21:0+4S n'kumati mwadyetsa nthochi, ziro ameneyo akuimira potashi, mulibe olo pang'ono. Urea nayenso mulibe.

Ndalama palibe ndikudziwa, tonse tikulira. Koma phulusa la pamoto mumataya kudzala tsiku ndi tsiku lija muli potashi. Manyowa a mbuzi ndi ng'ombe alipo. Thunthu lija mukadula mkoko lidulenidulenu libwerere pa phando pomwepo pamodzi ndi masamba ndi makoko, osati kuliponya kumtsinje. Zaulere zonsezi, mchere ndiye wogula!

Chikundipweteka kwambiri n'chakuti Thyolo yomweyi ndi imene inkadyetsa Blantyre nthochi, malole ankachoka kuno atadzaza. Chisaka, matenda a nthochi aja, chinabwera chinatipulula, lero ku Limbe anthu akudya nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Tayamba kudzukako pang'ono ndi mbewu yatsopano ndiye wina aziithira mchere. Ndipo inu amene mukusungabe mapando odwala chisaka kuseri kwa nyumba mukukana kuzula ati ndi za agogo, nsabwe zofalitsa matendawa zikuchoka kwanuko kubwera m'munda mwanga, zulani.