Botolo la ku Limbe ndi tulo ta mlamu wanga

Mlamu wanga wa ku Bangwe watha masabata atatu akusamba osalekeza chibayitsireni jakisoni wolera. Dzulo ndinamupeza pakhonde ali ndi botolo la Sobo lodzaza madzi akuda bii, owawa ngati nimu. Akuti anagula K5,000 ku Limbe kwa bambo wina woyenda ndi chimkuzamawu, amene anamuuza kuti jakisoniyo wasiya zoipa m'mimba, pafunika kutsuka. Ndinatsala pang'ono kumukalipira, koma nditamuyang'ana m'maso ndinaleka. Munthuyu sakugona.

Azimayi anzanga, masabata atatu m'banja mukuwadziwa kutalika kwake. Ndiwo zikapsa uitane mwana adzathire mchere, lero, mawa, mkuja, mpaka apongozi ayambe kufunsa. Ndalama ya mapadi ichoke pa ya makala. Kuchipinda bambo ayang'ana kukhoma (bamboyo ndi mchimwene wanga, kusaleza mtima kwake ndimakudziwa). Ndiye usiku anthu onse akufwenthera, iwe maso ali gwa kudenga: kodi ndi khansa? Chiberekero chawola? Mwamunayu sapita kwina?

Kuchipatala anabwererako, musaganize kuti anangothamangira zitsamba. Anakhala pamzere kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa pamutu, atalowa anamuuza kuti zimatero, thupi lizolowera, aitane wina. Anamwinowo sindikuwada, mzere wake ngwautali ndipo iwo ngochepa. Koma bambo wa chimkuzamawu uja anamupatsa benchi, namumvetsera mpaka anamaliza kudandaula. Ine ndikuona kuti K5,000 ija inalipira benchiyo, botololo linali banyira chabe.

Zimene anayenera kumva kuchipatalako n'zosavuta. Kudontha magazi miyezi yoyambirira ya jakisoni wa miyezi itatu kapena njira ya pamkono n'kodziwika, ndipo ambiri pambuyo pake msambo umachepa kapena kusiyiratu. Ukasiya, sikuti magazi akuunjikana m'mimba monga timauzirana pachitsime ayi. Mankhwalawo amachititsa kuti khungu la m'kati mwa chiberekero lisakhuthale, choncho palibe choti chituluke. Kudonthako kukanyanya thandizo lilipo: ena amapatsidwa ibuprofen, ena mapiritsi olera kwa kanthawi, ena amasintha njira n'kuikitsa lupu. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 apabanja, 58 ankagwiritsa ntchito njira zamakono zolerera, ndipo 30 anali a jakisoni. Khamu lonseli lizingouzidwa kuti zimatero?

Zitsamba sindikuzinyoza, inenso chimfine chikandigwira ndimathamangira jinja ndi mandimu. Changa n'chakuti botolo lija silinena kuti muli chiyani, mlingo wake ndi “kapu imodzi m'mawa”, kapu yanji osadziwika. Ndipo zomera zina zimalimbana ndi mankhwala olera. Chitsamba cha kunja chotchedwa St John's wort, chimene anthu amamwera kukhumudwa, chimafooketsa mapiritsi ndi njira ya pamkono, ngati mmene amachitira mankhwala a TB a rifampicin. Munthu ungamwe kuti magazi aleke, n'kudzapezeka aleka chifukwa waima.

Koma chimene chandilembetsa izi ndi tulo tija. Kuno matenda a maganizo timawaona mwa munthu yekhayo wotola zinyalala pa Ginnery Corner, uja timati ngwoyenera ku Zomba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko anali ndi vuto la maganizo, ndipo ochuluka mwa iwo linali la nkhawa ndi kukhumudwa. Tikati tiwerengere choncho minibasi ya anthu 16 yochoka ku Bangwe, ndiye kuti awiri. Avala bwino, alipira kondakitala, atsika pa siteji yawo. Mlamu wanga wasiya kupita ku banki m'khonde, nsima akungoigwiragwira, mwana akalira iyenso misozi. Kunyumba akuti ndi ulesi, kutchalitchi akuti apemphere kwambiri. Kaya ndi jakisoniyo, kaya ndi mantha a magaziwo, munthu wofunsa kuti “mukugona bwanji?” sanapezeke, pomwe ku Queens konkuno kuli madokotala a matenda a maganizo.

Lolemba ndikumuperekeza ndekha kuchipatala, ndipo ndikalowa naye m'chipindamo. Ndamuuza kuti atenge botololo akaonetse anamwino, anene zonse, za magazi ndi za tulo zomwe. Kutaya wakana, akuti ndalama yake ingapite pachabe. Laikidwa pawindo, latsala theka.