Mawu oti "sindikudziwa" akusowa pakati pathu opemphera

Lachiwiri ndinakwera minibasi ku Limbe kupita m'tauni. Tisanafike pa Chichiri, bambo wina amene anakhala kumbuyo kwa kondakitala anatsegula Baibulo n'kuyamba kulalikira. Ankalalikira bwino ndithu, mpaka pomwe ananena kuti namondwe wa Freddy anabwera chifukwa cha machimo a anthu a mu Blantyre muno, ati Mulungu anachita kumuuza kumaloto. Mayi amene ndinakhala naye pampando, dengu la tomato lili pamiyendo, anangoti chapansipansi: "Nanga makanda aja analakwanji?" Palibe anayankha.

Mtima wanga wakhala ukuwawa kuyambira tsiku limenelo. Ine ndimapemphera, ndipo sindikunyoza mlaliki aliyense. Koma changu chofotokoza maganizo a Mulungu ngati tinali limodzi pa msonkhano chikundiopsa.

Zilipo zomwe tikudziwa. Mu Malichi 2023 mvula inagwa masiku angapo osaleka. Phiri la Soche tinalimeta kalekale ndi makala ndi nkhuni, ndipo umphawi unakankhira anthu kumanga nyumba m'mphepete mwake. Matope ndi miyala zinatsika usiku n'kukwirira anthu ku Chilobwe ali mtulo. Izi tizinene mosabisa, n'zathu zomwe. Koma chifukwa chake nyumba iyi inapita pomwe yoyandikana nayo inatsala, chifukwa chake mayi anapulumuka koma mwana amene anali kumsana ayi, pamenepo nzeru zathu zathera. Abusa, asing'anga, aprofesa, tonse mutu umaima.

Anzake a Yobu aja anakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osanena kanthu. Pamenepo anachita bwino. Zinaipa atatsegula pakamwa n'kuyamba kumufufuza tchimo lobisika. Kumapeto Mulungu anadzudzula iwowo, ndipo Yobu mwini sanauzidwe chifukwa cha mavuto ake. Anangofunsidwa kuti anali kuti pamene dziko linkaikidwa maziko. Ife nkhaniyi timaiwerenga kutchalitchi, koma tikafika pa maliro timasanduka Elifazi, mmodzi wa anzake a Yobu aja.

Sabata ija ya Freddy, a m'mpingo wathu tinapita ndi ufa ndi zovala ku sukulu ina komwe anthu ankagona m'makalasi. Ndinapeza agogo ena atakhala pamkeka pafupi ndi bolodi, atataya zidzukulu ziwiri. Pofuna kuwatonthoza ndinayamba zija timanena tonse, zoti Mulungu ali ndi cholinga. Anandigwira dzanja, zala zawo zili zii kuzizira.

"Mwanangu, cholingacho ine sindikuchidziwa, ndipo iwenso sukuchidziwa. Ingokhala nane pano."

Ndinakhala. Mvula inkawazabe pamalata. Patapita nthawi anayamba kuimba nyimbo ya Mulungu motsitsa mawu, ndipo amayi ena m'kalasimo anayamba kuvomera.