Lendi ku Joni ndi ku Harare: landilodi akakutsekerani chitseko mumathawira kuti?

Kwathu kuno tinazolowera kuti landilodi akakwiya amazula chitseko, ena amafika posasula malata, wa lendi n'kumalongedza katundu usiku mwamanyazi. Ambiri tikawoloka malire timanyamula mantha omwewo, osadziwa kuti kumene tapitako malamulo ali mbali yathu pa zinthu zambiri.

Ku South Africa ndi ku Zimbabwe mfundo yaikulu ndi imodzi. Gawo 26 la malamulo aakulu a South Africa ndi gawo 74 la malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 onse amanena kuti munthu satulutsidwa m'nyumba popanda chilolezo cha khothi. Mawu ake ndi akuti munthu aliyense, osati nzika zokha. Kusiyana kumayambira pa njira yodandaulira.

South Africa ili ndi lamulo la Rental Housing Act la 1999, ndipo m'chigawo chilichonse muli Rental Housing Tribunal, bwalo lomva madandaulo a lendi. Kudandaula kumeneko n'kwaulere, loya safunika, ndipo chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati cha khothi la majisitireti. Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi nkhani ya dipoziti, poti apa ndi pamene abale athu ambiri amalira. Landilodi amayenera kuisunga ku banki komwe ikubereka chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho ndi chanu. Polowa mumayendera nyumba limodzi, kuona galasi losweka, mpopi wodontha, khoma long'ambika, potuluka chimodzimodzi. Ngati simunawononge kanthu ndipo mulibe ngongole, ndalama ibwere pasanathe masiku 7. Ngati pali zokonza, yotsalayo ibwere pasanathe masiku 14 mutabweza nyumbayo kwa landilodi, ndipo muli ndi ufulu woona malisiti a zimene agula. Kudula magetsi, kutseka madzi kapena kusintha loko pofuna kukukakamizani kuchoka n'kuphwanya lamulo, ngakhale mutakhala ndi ngongole ya lendi.

Ku Zimbabwe kuli malamulo a lendi otchedwa Rent Regulations a 2007 ndi Rent Board, bungwe loona nkhani za lendi. Chabwino chake n'choti mgwirizano ukatha koma inu mukupitiriza kulipira pa nthawi yake ndi kusunga malamulo a panyumba, landilodi sangangokuuzani kuti nyamukani. Ayenera kukhala ndi chifukwa chimene lamulo limavomereza, monga kufuna kukhalamo mwini wake. Koma ndalama ya dzikolo yasinthasintha kwambiri, lendi yambiri imalipidwa m'madola a ku America pamanja, ndiye amene akukhala m'chipinda chimodzi ku Mbare kapena ku Highfield mu Harare amadalira kwambiri kumvana ndi mwini nyumba kuposa ofesi iliyonse.

Ine ndikuona kuti njira ya South Africa ndiyo yabwino, chifukwa wosauka amafikako osatulutsa kanthu m'thumba. Ndimalakalaka bwalo lotere likanakhalapo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kumene miyezi itatu ya lendi imafunidwa munthu asanaone n'komwe kiyi.

Komabe tisanamizane. Mnyamata amene akukhala m'kachipinda ka kuseri ku Diepsloot kapena ku Tembisa, pasipoti itatha masiku, mastandi (landilodi) akamuopseza kuti aitana apolisi, saganizanso za Tribunal. Amasiya dipoziti, mwina ndi firiji yomwe, n'kuthawa. Zimandipweteka, chifukwa ndalamayo ndi thukuta la miyezi, ndipo kumudzi ana akudikira fizi.

Ndiye chonde abale, kaya muli mbali iti ya mtsinje wa Limpopo, musapereke lendi popanda umboni. Ku South Africa lamulo limakakamiza landilodi kupereka lisiti, komanso kulemba mgwirizano mukamupempha. Akakana, tumizani ndalama kudzera ku banki kapena mulembereni pa WhatsApp kuti mwalipira zingati, za mwezi uti, ndipo uthengawo musaufufute. Tsiku lolowa jambulani chipinda chonse pa foni, mita ya magetsi yomwe, ndipo poyendera nyumbayo tengani mnzanu mmodzi akhale mboni.