Seva ikachedwa, musathamangire kunena kuti rede yagwa

Anzanga amene mumasamalira makompyuta m'maofesi a ku Ulongwe, Furancungo, Moatize ndi mumzinda wa Tete, ndili nanu mawu. Seva ya rsync, pulogalamu yotumiza mafayilo pakati pa makompyuta, ikayamba kuchedwa kulandira makompyuta ena, kapena ikakana kompyuta yomwe dzulo inkalowa bwinobwino, mumathamangira kunena kuti rede yagwa. Nthawi zambiri rede ilibe mlandu. Tsegulani log, fayilo yomwe seva imalembamo zochitika, muwerenge. Mukapezamo "name lookup failed", kenako "connect from UNKNOWN", dziwani kuti seva ikufunsa dzina la amene wagogoda ndipo palibe woyankha.

rsync ikakhala daemon, kutanthauza kuti ikungodikira olumikiza pa port 873, kompyuta iliyonse ikalumikiza, seva imatenga nambala yake ya IP n'kufunsa DNS, yomwe imasunga mayina a makompyuta ndi nambala zawo, kuti mwini nambalayi ndani. Yankho limakhala mu PTR record, cholembedwa chosonyeza dzina la nambalayo, pansi pa in-addr.arpa. Tsono makompyuta athu ambiri ali pa 192.168 kapena pa 10, nambala za mkati mwa ofesi zomwe DNS ya kunja siizidziwa. Ngati DNS yolembedwa mu /etc/resolv.conf yangoti zii, Linux imadikira masekondi 5, n'kuyesanso kachiwiri. Kuchedwa kuja ndi kumeneku. Lembani dig -x ndi nambalayo pa seva yomweyo, muona nokha.

Ngati nambalayo ndi ya pa intaneti, PTR yake ili m'manja mwa kampani imene inapatsidwa nambalazo ndi AFRINIC, bungwe logawa nambala za IP mu Africa. Inu simungailembe. Nanga kwa amene mumalumikiza nthambi ya ku Tsangano ndi kamodemu ka foni, nambala ikusintha lero ndi mawa, dzina lokhazikika lichokera kuti?

Maganizo anga ndi akuti tisiye kulemba mayina a makompyuta pa hosts allow, mndandanda wa makompyuta ololedwa kulowa. Lembani nambala, kapena gulu lonse ngati 192.168.1.0/24, kenako muike reverse lookup = no mu rsyncd.conf, fayilo yoyendetsera daemon, kuti seva isiye kufunsa dzina. Mzerewu unabwera ndi rsync 3.1.0 mu 2013, ndiye yang'anani kaye ndi rsync --version, chifukwa maseva ena kuno ndi okalamba kuposa amene akuwayang'anira. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka: akauika mkati mwa module, gawo la rsyncd.conf lonena za foda imodzi, seva imakhala itafunsa kale dzina pomwe kompyuta ija imalumikiza. Uikeni pamwamba, module iliyonse isanayambe. Mu log muziona UNDETERMINED m'malo mwa dzina, musadandaule nazo.

Ena amati log yopanda mayina ndi yovuta kuwerenga abwana akafunsa kuti mafayilo a malipiro anatumiza ndani. Ndikumva. Ngati makompyuta ndi asanu kapena khumi, lembani mayina ndi nambala zawo mu fayilo ya /etc/hosts pa seva ndipo rauta izipatsa iliyonse nambala yomweyo tsiku lililonse. Kukhazikitsa seva yonse ya DNS chifukwa cha makompyuta asanu ndi kugula ng'ombe pofuna mkaka wa tiyi mmodzi.

Chomwe sindigwirizana nacho ngakhale pang'ono ndi kudalira dzina ngati chitetezo. Amene akufuna kutseka anthu kunja aike auth users ndi secrets file, kuti wolowa azifunsidwa dzina ndi mawu achinsinsi. Ndipo mafayilo akamachoka ku Angónia kupita ku Tete kudzera pa intaneti, adutse mu ssh, njira yobisa zomwe zikutumizidwa, chifukwa daemon ya rsync payokha siibisa zomwe ikutumiza.