Mwasiyiranji mankhwala a BP, inu a ku Mangochi?

Ndikulankhula ndi inu amene kuchipatala anakuuzani kuti magazi anu akuthamanga kwambiri. Munalandira mapiritsi, mwamwa sabata ziwiri, mutu utangoleka kuwawa mwawabisa pansi pa mphasa. Ndi inunso ana anga, amene mumaona bambo anu akuwaza mchere pa usipa wothira kale mchere, inu n'kungokhala duu. Zimenezi zanditopetsa.

Mlamu wanga anali msodzi ku Malombe, munthu wokoka khoka tsiku lonse osadandaula. Atamupeza ndi BP anati, "Ndikudya nsima bwinobwino ine, matenda ake ati?" Patapita zaka anayamba kuiwala pomwe waika ukonde. Tsiku lina ndinamupeza pamsika wa paboma atanyamula jumbo ya tomato, akungocheukacheuka, njira yobwerera kwa Mpondasi itamusokonekera, njira imene wayendamo kuyambira ali mnyamata. Chaka chisanathe pakamwa panapotoka, mkono n'kufa. Achibale anathamangira kwa sing'anga, n'kuloza chala gogo wina wosalakwa wa m'mudzimo. Mtima umandiwawabe.

Tamverani za makoswe. M'chaka cha 1963, akatswiri awiri a ku Kyoto m'dziko la Japan, Okamoto ndi Aoki, analengeza kuti aweta mtundu wa makoswe amene BP yawo imakwera yokha akamakula. Pofika 1974, mwa makoswe omwewo anapatulamo mtundu wina umene ambiri mwa iwo amagwidwa ndi sitiroko, matenda aja opotoza pakamwa ndi kupha ziwalo, ndipo ukawamwetsa madzi a mchere sitirokoyo imabwera msanga. Khoswe wa m'khola la akatswiri alibe mnansi womuchitira nsanje, alibe mlandu wa munda. Wamulodza ndani?

Akatsegula ubongo wa makoswewa amapeza timitsempha ting'onoting'ono titakhuthala khoma, njira ya magazi itachepa, tina titaphulika. Ubongo ndi kachiwalo kochepa, pafupifupi magawo 2 pa 100 a kulemera kwa thupi, koma umadya pafupifupi magawo 20 pa 100 a mpweya umene thupi limagwiritsa ntchito. Ndiye timitsemphato tikapanikizika, malo ena a ubongo amafota pang'onopang'ono, mwini wake osamva ululu uliwonse.

Chimene chimandiopsa kwambiri ine wa imvi ndi cha ukalamba. Ku Oklahoma ku America akatswiri anakweza BP ya mbewa zazing'ono ndi ya mbewa za zaka 2, zomwe kwa mbewa ndi nkhalamba. Mitsempha ya zazing'onozo inkatha kudzimanga, kuteteza ubongo ku mphamvu ya magazi. Ya nkhalambazo inalephera. Mpanda umene umatchinga kuti zosafunika za m'magazi zisalowe mu ubongo unayamba kudontha, timagazi tinkatuluka apa ndi apo, ndipo mbewazo zinkavutika kukumbukira njira. Anyamata a kabaza mukuchidziwa chubu chakale: chatsopano chimapirira pampu, koma chokalamba ukachipopa mpweya womwewo chimayamba kufwifwa m'malo mofooka.

Inde, khoswe si munthu. Koma timitsempha totha chimodzimodzi madokotala amatipezanso mu ubongo wa anthu amene akhala zaka ndi BP yosasamalidwa. Ndipo kuno kwathu si nkhani ya anthu ochepa: kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mchere usafike magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kosadzaza, kuwerengera ndi uja wa mu nsomba zouma, wa pa chipisi cha pachiwaya ndi pa kanyenya. Inu mumathira kangati?

Mapiritsi aja atulutseni pansi pa mphasa, mupite nawo kuchipatala akakuyezeninso. Mankhwala a BP, kaya ndi HCTZ kaya amlodipine, samwedwa ngati panado, tsiku lokhalo lomwe mutu wawawa. Amayi anu ndi agogo anu muwatengenso, ndipo makina akamaonetsa 140 pa 90 kapena kuposa, mverani zimene a chipatala anene. Wina pakhomopo akapotoka pakamwa, lilime n'kulemera, mkono n'kufooka mwadzidzidzi, pezani galimoto yopita naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku, osadikira kuti malume abwere kuchokera ku Namwera.